Kumanga mpweya wokhazikika pa 4x4: ndiyambire pa thanki kapena pa kompresa?

Chitsulo_1HZ

Akuluakulu, moni nonse. Nkhani yanga ndi ya mpweya, ndipo mundikhululukire ndilemba motalikirapo kuti mundimvetse bwino. Paja safunsa anadya phula.

Galimoto yanga ndi Land Cruiser yakale, injini ya dizilo ya 1HZ, magetsi a mavoti 12, matayala a 265/75 R16. Ntchito yanga imandilowetsa mumchenga ndi m'matope pafupifupi sabata iliyonse, ndiye kuphwetsa matayala ndinakuzolowera. Ndikafika pa mchenga wofewa ndimatsitsa presha kuchoka pa 2.4 bar kufika pa 1.2, tayala n'kutambalala pansi ngati phazi la bakha, galimoto n'kumadutsa osavutika. Mavuto amayamba ndikatulukira pa tala, pofunika kubwezeramo mpweya uja.

Mpaka mwezi watha ndinali ndi kapampu kaja kobaya pa soketi yoyatsira fodya. Tayala limodzi kankatenga mphindi 20, kakulira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Tsiku lina dzuwa lili pamutu ndinamaliza matayala awiri, ndili pa lachitatu ndinayamba kumva fungo la pulasitiki wopsa. Ndisanakazimitse n'komwe, payipi inafwamphuka pamutu pa kapampuko itasungunuka ngati kandulo, fyuzi nayo n'kupsa. Ndinayenda makilomita 40 pang'onopang'ono ndi matayala awiri ofewa. Pofika pomwe ndinapeza mpweya, tayala lakumbuyo silinkagwirika m'mbali, kutentha kwake. Pano lili ndi chotupa. Ndalisandutsa sipeya, koma ngakhale pa usipeyapo sindikulikhulupirira.

Choncho ndaganiza zomanga chinthu chokhazikika pa galimoto pomwepo. Ndili ndi thanki ya mpweya ya malita 20 yochokera pa mabuleki a lole yakale. Maganizo anga ndi akuti ndigule kompresa yaing'ono ya magetsi, izidzaza thankiyo pang'onopang'ono ine ndikuyenda. Ndikafika pa tala ndizingolumikiza payipi, thanki n'kudzaza matayala onse anayi kamodzin'kamodzi. Malita 20 akachepa, bampala yanga yakumbuyo ndi ya chitsulo chokhuthala cha makona anayi, ndikhoza kuiwotcherera mbali zonse ikhale thanki yachiwiri. Mapayipi ndili ndi a PVC otsala pomwe ndinkakoka madzi kunyumba, ndipo nambala ya presha yolembedwa pamenepo ndi yoposa yomwe ndikufunayi.

Komanso mnzanga wina wandipatsa kompresa yakale ya AC, ya makona anayi, yolemera ndithu, ili ndi kachitsulo kolembedwa York. Akuti anthu amaisandutsa pampu ya mpweya yoyendera lamba wa injini. Ine ndaiyang'ana, ndaitembenuza uku ndi uku, sindikudziwa poyambira. AC ya galimoto yanga ikugwira bwino ndipo sindikufuna kuichotsa.

Ndiye ndithandizeni. Pulani ya thanki yaikulu ndi kompresa yaing'onoyi itheka? York ndiitaye kapena ndi chuma? Nanga pakati pa kompresa ndi tayala pamafunika tizipangizo tanji, motsatana bwanji? Tsiku lina ndikufunanso ndizimasula mabawuti a matayala ndi impact wrench, sipanala yoyendera mpweya, koma zimenezo si zachangu.

MadalaWaSipanala

Achimwene, York musataye. Koma tiyambe ndi thankiyo, chifukwa mpamene ambiri timadzinamiza, ine ndemwe ndinadzinamizapo.

Tengani cholembera. M'kati mwa tayala la 265/75 R16 muli malo a malita pafupifupi 70. Kukweza presha yake ndi bar imodzi ndiye kuti mwakankhiramo malita ena 70 a mpweya wamba wapanjawu. Inu mukufuna kuchoka pa 1.2 kufika pa 2.4, kusiyana kwake ndi 1.2, mukachulukitsa ndi 70 mupeza malita 84 pa tayala limodzi. Anayi ndi malita oposa 330. Tsopano thanki yanu ya malita 20, tinene mwaidzaza kufika 8 bar. Siingakupatseni wonsewo, chifukwa presha yake ikangofanana ndi ya m'tayala mpweya umaleka kuyenda. Wogwira ntchito ndi wa pakati pa 8 ndi 2.4, ndiko kuti 5.6 kuchulukitsa ndi 20, malita 112 basi. Tayala limodzi lakhuta, lachiwiri langonunkhiza. Otsalawo mubwerera kukamvera nyimbo ya kakompresa kakang'ono kaja, ndipo ulendo uno kazidzaza tayala ndi thanki yomwe.

Chodzaza matayala ndi kompresa. Chofunika kudziwa n'chakuti imatulutsa malita angati pa mphindi pamene ikulimbana ndi presha ya 2 bar. Nambala yaikulu yomwe amalemba pa katoni nthawi zambiri ndi ya pamene payipi ili pululu, palibe chokankhana nacho. Thanki ntchito yake ndi ina: kupereka mpweya wambiri mwadzidzidzi kwa masekondi ochepa, monga pokhazika tayala lomwe lachoka pa limu, poliza hutala ya mpweya, pomasula bawuti ndi impact wrench mwatchulayo, ndiponso kuti kompresa isamangoyaka n'kuzima ngati indiketa.

Tibwere kwa York. Makompresa ambiri a AC a masiku ano, monga a Sanden, amadalira oyilo amene amazungulira limodzi ndi gasi m'mapayipi. Mukawachotsera gasiyo n'kumawakoketsa mpweya wouma, amauma n'kugwira, pokhapokha muwaikire kabotolo kodonthezera oyilo polowera mpweya. York ndi yosiyana. M'kati mwake ili ngati kainjini: mapisitoni awiri, crankshaft, ndi malo akeake osungira oyilo pansi. N'chifukwa chake anthu a magalimoto a m'tchire amaisakasaka. Ilipo ya 206, 209 ndi 210, ndipo yosiririka ndi 210, yomwe imakoka pafupifupi 170 cc ikazungulira kamodzi. Ikamazungulira ka 1500 pa mphindi, pa pepala ndi malita 250 ndi kakuti. Chotsanipo ngakhale theka chifukwa cha presha ndi ukalamba, mukadali ndi mpweya wokwanira tayala lanu m'mphindi imodzi. Chokuchedwetsani chidzakhala kavalavu ka pa tayala, osati pampu.

Musanataye nthawi ndi zina, iyeseni kaye. Gwirani mbale yakutsogolo kwa pule, osati pule yeniyeniyo, muizungulitse ndi dzanja chala chili pa kabowo ka pamutu. Kabowo kamodzi kazikoka chala, kachiwiri kazichikankha. Mukatero gunditsani waya wa kilatchi ku pozitivu ya batire, thupi la kompresa lili ku negetivu. Muyenera kumva "tcha!" mbale ija ikumamatira ku pule. Zikatero ili moyo. Khuthulani oyilo wakaleyo, muthiremo oyilo wa injini watsopano.

Thukuta lenileni lili pa bulaketi. Dizilo imanjenjemera, ndipo York ndi yolemera. Bulaketi yanga yoyamba ndinapanga ndi chitsulo cha mamilimita 4, inang'ambika pamalo owotcherera pasanathe miyezi iwiri, lamba n'kuthothoka, mwamwayi osakola mnzake wa fani. Yachiwiri ndinapanga ndi cha mamilimita 8, ndi mwendo wina wogwira kumbuyo, mpaka lero ili nji. Mapule awiriwo muwayeze ndi lula yachitsulo kuti aime mzere umodzi, osati ndi diso. Ngati n'kotheka York ikhale ndi lamba wakewake, kuti ikagwira tsiku lina musataye pampu ya madzi ndi alternator limodzi nayo.

Za katsatanidwe, tsatirani mpweya womwewo mmene ukuyendera. Polowera pakhale sefa, yoikidwa pamwamba kutali ndi fumbi ndi madzi. Pisitoni ikameza madzi powoloka mtsinje, mwatha. Potulukira muyambe ndi payipi yopirira moto, yolukidwa ndi chitsulo kapena ya kopa, chifukwa mutu wa kompresa umatentha moti khungu lingatsale pomwepo. Kenako check valve, kuti mpweya wa m'thanki usabwerere. Ikatha imeneyo, sefa yotchera oyilo ndi madzi, ndipo imeneyi muiike patali mita imodzi kapena kuposerapo, mpweya uyambe wazizirako. Mukaiika pafupi, oyilo amadutsa ali nthunzi, sefa osagwira kanthu. York imalavula oyilo, ndi khalidwe lake, ndipo oyilo m'tayala amadya labala. Kuchoka apo mufike pa kachitsulo ka mabowo ambiri pomwe mumangepo geji, pressure switch yoyatsa ndi kuzimitsa kompresa malinga ndi presha, ndi safety valve yotulutsa mpweya presha ikapyola malire, kenako thanki, kenako polumikizira payipi yanu yopopera.

Pressure switch yanga imayatsa kilatchi pa 6 bar n'kuzimitsa pa 8, ya anzathu owerenga psi ndi 90 ndi 120 kapena pamenepo. Safety valve ndi ya 10 bar. Imeneyi musaiphonye, ndipo pakati pa iyo ndi kompresa pasakhale kampopi kalikonse kotseka. Kompresa ya magetsi ikalemedwa imafooka yokha kapena kuotcha fyuzi. York kumbuyo kwake kuli injini ya malita 4.2. Switch ikakakamira, iyo izingopopabe mpaka china chake chiphulike.

Wamagetsi12V

Madala, masamu anu a thanki ndilibe nawo mawu. Koma pa York ndisiyana nanu pang'ono. Achimwenewa anena kuti AC sakuichotsa. Ndiye akufunika malo a kompresa yachiwiri mu boneti, bulaketi, lamba, mwinanso pule ina yowonjezera pa injini. Kwa inu amene muli ndi makina owotcherera pakhomo ndi ntchito ya Loweruka limodzi. Kwa munthu amene galimoto yake ikufunika kuntchito Lolemba m'mawa, zimenezo zimasanduka mwezi.

Kapampu kanapsa kaja si umboni woti kompresa ya magetsi ndi yachabe. Soketi yoyatsira fodya imapereka ma amp 10 kapena 15 basi, ndiye chilichonse chobaya pamenepo ndi choseweretsa. Kompresa yeniyeni imalumikizidwa ku batire.

Pogula muyang'ane zinthu ziwiri. Choyamba madala anena kale, malita pa mphindi ikulimbana ndi presha. Chachiwiri ndi duty cycle, kutanthauza kuti pa nthawi yonse, ndi gawo lanji lomwe ingagwire ntchito isanafune kupuma. Ya 33% ikagwira mphindi 10 imafuna kupuma 20. Ya 100% imangopitirira. Musaganize kuti yothamanga ndiye yopirira: pa makompresa a Viair, 400C imatulutsa mpweya wambiri kuposa 450C, koma ndi ya 33%, pomwe 450C ndi ya 100% pa 100 psi. Yofuna zonse ziwiri, liwiro ndi kupirira, ndi ya mitu iwiri monga ya ARB, koma imeneyo imamwa magetsi, ma amp 50 kapena kuposerapo ikalemedwa.

Apa mpamene ndimaona anthu akulakwitsa, pa waya. Tinene mwaiika kumbuyo kwa galimoto, mamita 5 kuchoka pa batire. Magetsi amapita n'kubwerera, ndiye ndi mamita 10. Pa waya wa 6 mm², ma amp 50 amataya pafupifupi voti imodzi ndi theka panjira. Kompresa imalandira zoperewera, imayenda mofooka, imatentha, wayanso n'kumafunda. Pa waya wa 16 mm² mumataya theka la voti basi. Waya wa negetivu akhale wonenepa chimodzimodzi ndipo abwerere ku batire, osati kungomanga pa kabawuti kadzimbiri ka pa bodi. Fyuzi ikhale pafupi penipeni ndi batire, chifukwa ntchito yake ndi kuteteza waya yenseyo akakhuzika pa chasisi. Fyuzi yokhala pafupi ndi kompresa yasiya mamita 5 a waya wamoyo opanda mlonda.

Ma amp onsewo asadutse pa swichi ya pa dashibodi kapena pa pressure switch. Tiwirito tingolamula relay, swichi yoyatsidwa ndi magetsi ochepa koma yopirira ma amp ambiri, relay ndiyo isenze katundu. Ndipo magetsi olamulawo muwatenge pa waya amene amakhala moyo kiyi akatembenuzidwa. Ine ndinaphunzira movutika. Ndinalumikiza molunjika ku batire, n'kuiwala swichi ili yoyatsa. Penapake panali kutuluka mpweya pang'onopang'ono, ndiye usiku wonse presha ikatsika kompresa imadziyatsa, ikadzaza n'kuzima, mpaka m'mawa. Potembenuza kiyi ndinangomva "ke-ke-ke", ndili kutali ndi aliyense woti n'kundikankha.

Popopa injini izikhala ikulira, alternator ikupereka mavoti 14. Malo oiikapo asakhale pafupi ndi ekizosi, kompresa imadzitenthera kale yokha. Pansi pa mpando kapena m'mbali mwa kumbuyo ndi pabwino, bola mphepo izifikapo, musaikute ndi zikwama.

York isungeni. Tsiku lomwe mudzafune impact wrench yogwira osapuma, mudzaikumbuka. Chida chimenecho chimafuna 6 bar ndi malita oposa 100 pa mphindi. Ndi thanki yanu ndi kompresa ya magetsi mudzamasula mabawuti angapo, kenako n'kudikira pang'ono.

Chitsulo_1HZ

Zikomo kwambiri akuluakulu. Masamu a madala andiziziritsa nkhongono, ndinali nditayamba kale kudzitama ndi thanki ija. York ndaiyesa madzulo ano, ikukoka chala bwinobwino ndipo kilatchi yalira "tcha!" monga mwanenera. Koma ndatsegula boneti ndi tepi m'manja, malo oti ikhale popanda kusuntha zinthu zina zitatu sindikuwaona. Ndikupendekera ku ya magetsi. Nanga za bampala ndi PVC palibe wayankhapo, kodi kukhala chete kumeneku ndi kuvomera?

Nabuleki

Ayi bambo, si kuvomera. Ine ntchito yanga ndi mabuleki a mpweya a malole, ndipo ziwiri mwatchulazo ndi zomwe zandilembetsa.

PVC ayi, ngakhale kachidutswa. Nambala mukuiwerengayo ndi ya madzi. Madzi safinyika, ndiye payipi ya madzi ikang'aluka imangotsanula madzi, presha n'kutha pomwepo. Mpweya wofinyidwa uli ngati sipuling'i yopanikizidwa. PVC ikasweka ili ndi mpweya imaphulika n'kumwaza tizidutswa takuthwa ngati magalasi, ndipo dzuwa, oyilo ndi kugwedezeka kwa galimoto zimaiumitsa tsiku ndi tsiku. Mwala umodzi wothamangitsidwa ndi tayala ndi wokwanira. Gwiritsani payipi ya nayiloni ya mabuleki a malole, ya mamilimita 10 kapena 12. Inapangidwira ntchito yomweyi, yokhala kunsi kwa galimoto m'fumbi ndi m'madzi. Mdani wake ndi moto yekha, ndiye isayambire pamutu pa kompresa ndipo ilambalale ekizosi. Podutsa pa bowo la chitsulo muikepo labala, ndipo muimange pafupipafupi isamakhuzike.

Bampala nayo ayi. Pa 8 bar, kabokosi kalikonse ka sentimita imodzi mbali zonse kamakankhidwa ndi mphamvu ya makilogalamu 8. Mbali imodzi ya bampala ya masentimita 10 m'lifupi ndi 150 m'litali ikusenza matani 12. Mathanki amawapanga obulungira, ndi mitu yotukuka ngati chipewa, kuti mphamvu imeneyi igawanike mofanana. Chitsulo cha makona chimafufuma pakati, katundu yense n'kuthera m'makona momwe mwawotcherera. Alipo amene amachita, sindikukana. Koma ganizani kuti bampala ndi chinthu chomwe chimagundidwa, chimakhuza miyala, ndiponso mpomwe mumamanga chingwe pokokedwa m'matope. Mukufuna mpweya wofinyidwa ukhale mmenemo, inu mutagwada pambali pake?

Thanki ya loleyo ndi yabwino mwa mtundu wake, koma yakhala zaka zingati pansi? Mpweya ukafinyidwa n'kuzizira umasiya madzi, madziwo amakhala pansi pa thanki, dzimbiri n'kumadya kuchokera m'kati. Kunja penti ali waliwali, m'kati chitsulo chatsala ngati pepala. Masulani zotsekera zonse, muunikemo ndi tochi, muigwedeze. Mukamva tizinthu tikuyenda ngati mchenga, kayikirani. Poiyesa musagwiritse mpweya. Idzazeni madzi mpaka pakamwa, pasatsale mpweya, ndiye muikweze presha kufika kamodzi ndi theka ya yomwe izigwirira ntchito, kwa inu 12 bar. Ikalephera ili ndi madzi imangodontha. Ikadontha itayeni, osaiwotcherera chigamba. Ngakhale miyendo yomangira musawotcherere pa thupi lake, imangeni ndi malamba achitsulo okhala ndi labala pansi monga imakhalira pa lole.

Bowo limodzi liloze pansi penipeni, muikepo valavu yokhetsera madzi, ija yokoka ndi kachingwe. Mukaika yofuna sipanala ndi kugona pansi, simudzaitsegula, ndikukudziwani madalaivala.

China chomwe chidzakupwetekeni mutu ndi mathiredi, mizere ija yomangirana, chifukwa ilipo ya mitundu yosiyana. Zipangizo zochokera ku America zimabwera ndi NPT, zina ndi BSP, ndipo mathanki ambiri a malole a ku Ulaya ali ndi M22 x 1.5. Pa saizi ya 1/4, NPT ili ndi mizere 18 pa inchi, BSP ili ndi 19. Zimalowana kawiri katatu n'kukunamizani kuti zagwirizana, kenako n'kulimba, inu n'kukakamiza ndi sipanala, mpweya n'kumatulukabe mpaka kalekale. Nyamulani chinthu chenichenicho pokagula chinzake. Tepi yoyera ija pokulunga musiye mzere woyamba, isalowe m'kati.

KamnyamataKaMchenga

Bwanji osangogula silinda ya gasi wa CO2 (carbon dioxide) n'kuiwala zonsezi? Mulibe waya, mulibe lamba. Gasiyo amakhala wamadzimadzi m'kati pa 57 bar kukakhala kozizira bwino, mumangoika regulator yochepetsa presha, silinda itaima chilili, tayala limadzaza ngati mukuthira madzi m'ndowa. Kuipa kwake geji siikuuzani kuti mwatsala zingati, presha imakhala yomweyo mpaka wamadzimadziyo atatha, ndiye mumaiyeza pa sikelo. Ikatha yatha, mpaka mukadzazitse.

Za kukhazika tayala pa limu, ife timangowaza kapetulo m'kati n'kuponya machesi, phuu, lakhala. Thanki ya chiyani?

MadalaWaSipanala

Mwana wanga, za CO2 wanena zoona, kungoti munthu wophwetsa matayala sabata iliyonse adzatopa ndi kudzazitsa. Koma za petulozo usaphunzitse anthu. Sudziwa kuti presha yafika pati pa kuphulikako, ndipo nkhope yako ili pomwepo.

Njira yake ndi iyi. Kwezani galimoto pa jeke, chotsani mchenga wonse pa mlomo wa tayala ndi pa limu, pakani madzi a sopo. Zungulizani lamba womangira katundu pakati pa tayala n'kumukoka kuti milomo itukukire kunja. Chotsani kamtima ka m'valavu kuti mpweya ulowe wambiri, ndiye mutsegule wa m'thanki. Likangoyamba kugwira mpweya masulani lamba uja, zala kutali ndi limu. Mumva "pho!" kawiri. Likafika 2.8 bar lisanakhale, lekani, phwetsani, muyambirenso ndi sopo wambiri.

Chitsulo_1HZ

Ndabweranso patatha masabata atatu kudzapereka lipoti.

Mayi Nabuleki, mwandipulumutsa. Thanki ija nditamasula chotsekera chapansi munatuluka madzi ofiira ndi makoko a dzimbiri odzaza dzanja. Ndinapita nayo kwa munthu wina amene ali ndi pampu yoyesera ndi madzi. Geji isanafike n'komwe pa 9 bar, pansi pake panayamba kutuluka timadontho tiwiri ngati thukuta, pamalo pomwe penti anali wosalala bwinobwino. Tinangoyang'anana. Pano ndaiboola ndi chisulo kuti wina asadzaitole n'kuigwiritsa ntchito. M'malo mwake ndapeza yatsopano ya malita 8, yakwana m'kati mwa chasisi kutsogolo kwa tayala lakumbuyo, kachingwe kokhetsera madzi kakutulukira pa sitepe.

Kompresa ndagula ya magetsi ya mitu iwiri, ndaiika kuseri kwa mpando wakumbuyo. Waya ndi wa 16 mm² kupita ndi kubwerera, fyuzi ili kadzanja kamodzi kuchoka pa batire, relay ikulamulidwa ndi kiyi monga ananenera a Wamagetsi. Kukoka waya wonenepa choncho pansi pa kapeti inali ntchito yotukwanitsa, zala zanga zikadali ndi mabala. Polumikizira payipi ndaika pawiri, kumbuyo ndi pafupi ndi chitseko cha dalaivala, tili ndi tizipewa talabala totchinga matope. Mathiredi anandigwiradi kamodzi: geji inali NPT, bowo lake BSP, ndinabwerera kukasintha.

Dzulo ndayesa ndi wotchi m'manja. Kuchoka pa 1.2 kufika pa 2.4, tayala loyamba sindinamalize n'komwe mphindi, thanki inathandizira. Ena atatuwo mphindi imodzi ndi theka lililonse. Onse anayi, kuphatikiza kuyenda ndi payipi kuzungulira galimoto, mphindi 8. Kale imeneyo sinali theka la tayala limodzi. Mutu wa kompresa unatentha koma fungo la kupsa kunalibe. York ndaipukuta, ndaithira oyilo, ndatseka timabowo take ndi nsalu, ili pa shelefu kudikira tsiku lake.

Chatsala chimodzi chikundisowetsa mtendere. Ndikazimitsa madzulo geji ili pa 8, m'mawa ndimaipeza pa 5. Ndapaka thovu la sopo polumikizira paliponse, kawiri konse, pa valavu yokhetsera madzi, pa safety valve, pa geji, palibe pomwe pakufufuma. Mpweyawu ukuthawira kuti?

Nabuleki

Gawo lina si kuthawa. Mukazimitsa mpweya uli wotentha, ukazizira presha imatsika yokha, mpaka bar imodzi ngati munali mutapopa nthawi yaitali. Zimenezo zimachitika mu ola loyamba, kenako geji iyenera kuima.

Zotsalazo ndikukayikira check valve. Ikamadontha, mpweya umabwerera m'kati mwa payipi n'kukatulukira ku kompresa, ndiye sopo wa kunja sangakuonetseni. Dzazani thanki, zimitsani, chotsani kiyi, mudikire payipi yoyambirira ija izizire. Imasuleni pang'onopang'ono mbali ya ku kompresa, kampweya kotsalira mmenemo kathe, ndiye mupake thovu pakamwa pa check valve pomwepo. Likamakula, phwetsani thanki yonse, muimasule valavuyo muyang'ane m'kati. Kawirikawiri mumapezeka kaulusi ka tepi yoyera katagona pomwe imatsekera.